Kaparafuzo ka pa galimoto ya apongozi

Aphungu,

Ndine bambo wa zaka 34. Kwathu ndi ku Tsangano koma ndimakhala kuno ku Matema, ndipo ndine mlonda pa kampani ina ya malasha ku Moatize. Ndakulemberani chifukwa kachitsulo kochepa ngati njere ya chimanga kakufuna kundithera ulemu kuukwati.

Apongozi anga, mayi a mkazi wanga Isménia, ali ndi kagalimoto kotsegula kumbuyo kamene amakapikulira mbatatesi ku Ulongwe. Amayendetsa okha, ndipo sakonda kupitiriridwa pamsewu. Sabata yatha matiravau, aja anzathu a ku Malawi amati mabuleki, anayamba kulira ngati nkhumba yomangidwa pa njinga. Isménia anati galimoto ipite ku ofisina, kwa amekaniko. Ine pakamwa panandiyabwa. Ndinati kantchito kameneko ndinakaonera pa foni kawiri konse, nanga mkamwini alipo wachiyani.

Apongozi anagula madisko awiri atsopano ndi mapasitilya ake opana disko, ine n'kuyamba ntchito pabwalo pawo ku Sansão Muthemba. Kumanzere zinayenda bwino mpaka ndinayamba kuimba mluzu. Kumanja ndiye kunali nkhani. Pali kaparafuzo kamodzi, kasikuluwu kamene kamagwira disko, ndipo kanali katachita dzimbiri. Ndili mkati molimbana nako, thukuta lili kamukamu, ndinamva mapazi a apongozi kumbuyo kwanga. Anandibweretsera madzi ozizira. Mwambo wa kwathu mukuudziwa, mkamwini sayang'anizana ndi apongozi. Zaka zisanu ndi chimodzi ndili pabanja, nkhope yawo ndimaidziwira pa zithunzi. Ndiye ndinatembenuzira mutu kumpanda, koma dzanja silinaleke kupotokola shavi yomasulira, kuti aone kuti mwana wawo anakwatiwa ndi munthu wolimbikira. Iwo anaima pomwepo nthawi yaitali akundiyamikira. Atachoka ndinapeza kamtanda ka pamutu pa parafuzo katafufutika, pangotsala kadzenje kosalala.

Ndinayesa mpeni, ndinayesa msomali, ndinathirapo ngakhale mafuta ophikira, koma sikanasunthe. Kenako ndinachita chinthu chimene chikundichititsa manyazi. Ndinabwezera zakale zonse kumanjako, ndinamanga tayala, disko yatsopano n'kukaibisa kunyumba kwanga m'thumba la makala. Isménia ndinamuuza kuti ntchito yatha.

Tsopano ukaponda tiravau galimoto ikuthawira kumanzere. Apongozi akuti ndi misewu ya Tete yopendekeka. Lamulungu anauza amayi akutchalitchi kuti, "Mkamwini wanga ndi mekaniko, musamavutikenso ndi a ku ofisina." Awiri afunsa kale nambala yanga.

Sabudu likubwerali, Loweruka, akupita ku Ulongwe, ndipo pobwerera adzatsika zitunda za kumeneko atadzaza matumba. Ndikaulula kwa Isménia, adzandikumbutsa za ofisina mpaka imvi. Kuuza apongozi ndekha mwambo sulola. Ndaganizapo zophwetsa matayala onse anayi kuti ulendo ulephereke. Ndili ndi mantha. Ndichite bwanji?

G. K., Matema, Tete

A G. K.,

Matayala a apongozi asiyeni, sanakulakwireni. Kalata yanu ndaseka nayo mpaka pamene ndinafika pa zitunda za ku Ulongwe, pamenepo ndinaleka.

Ndiyambe ndi chimene chikupwetekeni. Kaparafuzo mwakaopa chonchi si ndiko kamagwira galimoto. Ntchito yake ndi kungoimitsa disko kuti isagwedere pamene tayala lachotsedwa. Tayala likabwerera, maporka, manati ake aja, ndiwo amapanikiza zonse. Mwabisa disko yabwinobwino m'makala chifukwa cha kachitsulo kamene amekaniko amakaboola n'kukataya akucheza za mpira. Safunsa anadya phula.

Kuchotsa kwake sikovuta. Thirani mafuta osungunula dzimbiri, osati a kukhitchini, mudikire pang'ono. Bwerekani shavi yomenya ndi hamala, ija imapotokola yokha ukaigogoda, ndipo nsonga yake ikhale yokwana bwino. Ngati mutu wasalaliratu monga mwanenera, pezani makina oboolera zitsulo, muboole pakati penipeni pang'onopang'ono mpaka mutuwo uduke. Disko idzatuluka, ndipo kachidutswa kotsalako kawirikawiri kamamasuka ndi alikate, pulayala uja. Gulani kaparafuzo kena, mukapake girisi pang'ono, musakamange ngati mukulanga mdani. Girisiyo asakhudze disko kapena mapasitilya. Galimoto isadalire makako, jeke uja, okha, ikani chochirikizira cholimba pansi. Mukamaliza pondani tiravau kangapo mpaka ilimbe musanasunthe, ndipo pa ntchito yonseyi maso akhale pa chitsulo, osati kumpanda.

Koma inuyo musagwirenso nokha. Pezani mekaniko weniweni adzaime pambali panu, aonenso ngakhale kumanzere kumene munaimbako mluzu. Galimoto yothawira mbali imodzi imatha kukhala ndi vuto linanso, ndipo foni siingakuuzeni zimenezo.

Za Isménia, muuzeni lero. Adzakunenani, inde, ndipo ali ndi ufulu wonse, poti anakuuzani za ofisina inu n'kukula mtima. Mwambo umene ukukuletsani kulankhula ndi apongozi ndi womwewo unakupatsani njira yake: uthenga umadzera mwa mkazi wanu. Musasokoneze ankhoswe chifukwa cha parafuzo. Tengani disko ija, muipukute makala, muipereke m'manja mwa Isménia, akanene kwa mayi ake kuti ntchito inatsala theka ndipo galimoto isayende. Amayi awiri akutchalitchi aja muwauze kuti mekaniko anapuma pantchito.

Ndikuchenjezeni komaliza, mwana wanga. Ngati Sabudu lifika kumanja kusanakonzedwe, kakhaleni pachipata m'mamawa, mugwade, muyang'ane kumpanda mmene mumachitiramo, koma munene mokweza kuti galimoto ilibe matiravau. Kuli bwino apongozi akusekeni chaka chathunthu ali moyo, kusiyana n'kuti tsiku loyamba kuwayang'ana nkhope likhale lija anthu amandanda pamzere kukaona nkhope.

Aphungu