Tcheni Chinakodwa Pafupi ndi Chiparamba

Kapata,
Chipata.
21 Julayi 2024

Okondedwa alongo anga a Dailes,

Ndikhulupirira muli bwino ku Kabweko pamodzi ndi alamu ndi adzukulu onse. Kuno tadzuka, kupatula mawondo angawa amene akulirabe, ndi mphepo ya Julayi yolowa mpaka m'mafupa. Mudabwa kuti ndalemba kalata foni ilipo. Chifukwa chake n'chakuti pa foni mumaseka, ndipo mukayamba kuseka ine ndimaiwala zimene ndimafuna kufunsa. Papepala pano simundidula pakamwa.

Mwezi wathawu munandiimbira mobwerezabwereza kufunsa za bipi yanga, inu amene simuimba pokhapokha kwagwa maliro. Masiku omwewo mlamu wanu, amake Emily, anayamba kumandiyang'ana mimba n'kumapukusa mutu. Kenaka mlongo wawo, a Enoch, anatulukira pakhomo ndi njinga ya magiya yopepuka ngati dengu, ati andibwereka. A Enoch omwewa, amene ngakhale khasu lawo sabwereketsa! Ati kukubwera tsiku lopalasa njinga kuchokera m'tauni kukafika ku Chiparamba n'kubwerera, apolisi atseka msewu wonse, si mpikisano ayi, aliyense apalasa monga mwa mphamvu zake. Dzina langa anali atalembetsa kale. Ine ndinanyada, ndinkati anthu akundifunira moyo. Zaka zonse ndinaphunzitsa ana a eni ndinkadziwa mwana wabodza asanatsegule pakamwa, koma a m'nyumba mwanga anandimata phula m'maso dzuwa likuswa mtengo.

Nkhani ya Emily mukuidziwa. Chaka chatha anabwera ndi mnyamata wa ku Chiparamba, Fulansisi, Mkatolika wolima mtedza. Ndinamuuza mnyamatayo pamaso kuti mwana wanga anakulira m'mpingo umene atate athu anautumikira ku Tamanda, ndipo asadzapondenso pakhomo panga. Chiyambire pamenepo dzina lake silinatchulidwenso m'nyumba muno, ine n'kumati nkhani inatha.

Loweruka la sabata yatha, tsiku la njingalo, ndinadzuka n'kupeza bwalo losesedwa mpaka kuseri kwa khola la nkhuku. Makatani a Khirisimasi anali atapachikidwa. Emily anali atamanga tsitsi mwatsopano, ndipo pondibaya nambala pamalaya anandilasa ndi pini. Ndinafunsa kuti kodi kubwera alendo? Amake anayankha msanga kwambiri, ati, "Alendo a chiyani? Tikukonzera inu, mukabwere ndi mendulo." Ndinavala chipewa cholimba cha pa njinga ndi magalasi akuda a a Enoch, ndinanyamuka, koma mtima sunali m'malo.

Ulendowo wokha, alongo anga, unali wokoma, sindinama. Simunaonepo msewu wa Chipata wopanda minibasi, wopanda hutala, wopanda kondakitala wokukoka malaya. Tinali khwimbi: anamwino, anyamata a m'mabanki ovala makabudula othina ochititsa manyazi, amayi a mpingo atamanga zitenje m'chiuno, ndi madala anzanga a mimba ngati yangayi. Kunkangomveka matayala kuti waa pa tala. Ana m'mbali mwa msewu ankakuwa kuti, "Palasani agogo!" ine n'kumayang'ana kumbuyo kufuna agogowo. Pamalo omwera madzi ankatipatsa nthochi, ndipo kumbuyo kwenikweni kunkabwera lole yotola otopa, imene ndinalumbira kuti sindikwera ngakhale ndife.

Tikuyandikira Chiparamba, pachitunda, ndinasintha giya molakwika ndipo tcheni chinakodwa. Ndinatsika n'kuyamba kulimbana nacho, manja bii ndi mafuta, anzanga akundidutsa. M'kanjira ka m'mbali mwa msewu munkabwera anthu atatu akukankha njinga zawo kulowera ku tauni: bambo wachikulire wa jekete yabwino ndi amayi awiri, mmodzi atanyamula mbale zovundikira zomangidwa m'nsalu yoyera. Bamboyo anaimika njinga yake n'kubwera.

"Pepani akulu, tione," anatero, n'kupinda manja a jekete. "Njinga za masiku ano n'zokongola chabe. Ine ndine Bizwell. Inu mwatitsekera msewu lero, minibasi kulibe, ndiye tikuyenda chonchi ngati akuba."

Ndinafunsa kuti ulendo ngwakuti ndi mbale zotere.

"Ku Kapata, kukafunsira mbeta. Mphwanga Fulansisi wapeza mtsikana wabwino, mwana wa aphunzitsi ena opuma. Koma atate ake ndi ovuta, iii! Ndiye amalume a mtsikanayo anati bwerani lero, mdalayo tamutumiza kukapalasa njinga, sabwerako mpaka dzuwa litapendeka. Mwina mwamudutsa kumene, ati ngwamimba."

A Dailes, ndinamva kutentha kuyambira kumapazi. Ndinafunsa, mawu ndikuwabisa, ngati n'chilungamo kukambirana za mwana bambo wake palibe.

"Mwambo ukuloleza, mwini mbumba ndi malume," anatero a Bizwell, maso ali pa tcheni. "Koma kunena zoona ine sizikundikomera. Mphwanga sanagone, akuti akufuna madalitso a mdalayo, osati a amalume okha. Mtsikanayonso akuti wakhala akulira. Nzeru imeneyi akuti inachokera kwa wachibale wina wa kutali, wodziwa bwino mtima wa mdalayo. Basi, chalowa. Musasinthenso giya pokwera."

Anapukuta manja pa udzu, nandiyang'ana nthawi yotalikirapo, n'kunena kuti, "Muyende bwino, aphunzitsi." Ine sindinawauze kuti ndine mphunzitsi. Mpaka lero ndikudzifunsa: kodi anandizindikira kuyambira pachiyambi? Kodi a Enoch anawauza mtundu wa njinga ndi nambala yanga? Kapena ndi nkhope yangayi imene imaoneka ya choko? Ndikayamba kuganiza, ndimafika pokayikira ngakhale tcheni chija.

Mufunsa kuti bwanji sindinabwerere. Ndinatembenuza njinga, koma mayi wina woyang'anira ulendowo, wa chovala chachikasu ndi kambendera, anandiimitsa. Ati msewu wotseka sabwerera mosemphana ndi anzako, mungagundane, pitani mukakhotere pokhotera kapena dikirani lole. Lamulo ndi lamulo, ndipo ine moyo wanga wonse ndaphunzitsa ana kumvera malamulo. N'zoona kuti kanjira ka m'mbali kaja kanalipo, ndipo pa njinga yopepukayo ndikanawapitirira a Bizwell asanafike n'komwe m'tauni. Koma munali minga, ndipo matayalawo ndi a eni. Musaseke.

Ndinapalasa mpaka pokhotera. Kumeneko ndinaona minda ya mtedza yokololedwa bwino, nkhokwe zodzaza, ndi katchalitchi kawo kopaka laimu. Sindikuti ndinasangalala nazo, ndikungokuuzani zimene ndinaona. Pobwerera sindinathamange. Pamalo omwera madzi ndinakhala pansi n'kudya nthochi mosafulumira, mpaka woyendetsa lole anandifunsa ngati ndikufuna kukwera. Ndinakana. Ndinafika kumapeto ndili m'gulu la otsiriza, mtsikana wina n'kundiveka mendulo, anthu akuwomba m'manja, ine misozi ili m'maso. Onse ankayesa ndi chimwemwe.

Kunyumba ndinapeza zonse zili m'malo mwake, mwina mopitirira muyeso. Makatani aja anali atatsitsidwa. Koma mipando ya kwa aneba inali isanabwezedwe, ndipo tambala wanga wofiira sindinamuonenso. A Enoch anandikumbatira ngati ndachokera ku nkhondo, n'kufunsa kuti, "Alamu, njinga sinavute?" Ndinati, "Tcheni chokha, koma munthu wina wachifundo anandithandiza." Anatsokomola n'kuyang'ana amake Emily, amake Emily n'kuyang'ana kudenga. Palibe anafunsa dzina la munthuyo.

Sabata yatha tsopano, ndipo m'nyumba muno tikuyenda monyang'ama ngati muli wodwala. Iwo sananene kanthu, inenso sindinanene. Foni ya amake ikalira amakayankhira kuseri kwa bafa. Emily amandibweretsera madzi otentha a mawondo, amagwada, amatsegula pakamwa, kenaka n'kungoti, "Atate, tiyi ndithire?" Dzulo ndinamugwira dzanja kuti ndimufunse, koma ndinangomufunsa za mtengo wa shuga. Zikundiwawa, alongo anga. Mwana amene ndinkamunyamula pa handulo ya njinga popita naye ku sukulu, lero akundiopa mpaka kunditsekera msewu wonse wa boma.

Tsono wachibale wa kutali wodziwa mtima wanga ndi ndani? Ndawerenga abale onse, ndipo amene anandiona ndikukula, amene amadziwa kuti Gideon mukamuuza kuti sangathe chinthu ndiye amachichita, ndi mmodzi yekha, ndipo amakhala ku Kabwe. Sindikukuimbani mlandu. Ndikungoti ngati ndinu, munandidziwa bwino kuposa mmene ndimafunira.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti mendulo ndidzawaonetsa. Moni kwa adzukulu onse. Amake Emily sakupereka moni chifukwa sakudziwa kuti ndikulemba, ndipo mwina moni wawo munalandira kale m'mawa uno.

Chopempha changa n'chimodzi. Mukamuimbira Emily, pakuti ndikudziwa kuti mumaimbirana, musamuuze kuti ndikudziwa. Mungomufunsa ngati nkhani yocheza kuti tsiku la ukwati, kaya ndi m'tchalitchi chawo cha laimucho, akufuna adzalowe atagwira dzanja la yani, la amalume ake kapena langa. Akati langa, imbani nthawi iliyonse, ndipo museke mmene mungafunire. Akati la a Enoch, kalatayi musayankhe, ndidzamva.

Ndine mlongo wanu wokukondani, ngakhale munandipita pansi,

Gideon