Bedi la bambo Joshi

Lachinayi, Ilford. Lero ndapambana.

Ndinkaopa kuti adokotala awayambitsa mapiritsi ogonetsa bambo Joshi, Mhindu wokalamba amene ndimawasamalira kuntchito. Chisamukire m'chipinda chatsopano akhala akukana bedi, akungosinza pampando. M'mawa ndinawafunsa chifukwa chake m'Chichewa, poti anakulira ku Limbe.

"Mwanawe, bedili mutu waloza kumpoto," anatero. "Ife Ahindu pomanga kachisi, nyumba, ngakhale mzinda, timayamba taona kotulukira dzuwa. Khomo la kachisi limayang'ana kum'mawa. Ndipo wamoyo sagona mutu kumpoto."

Ndinatsegula kampasi ya pafoni n'kutembenuza bedilo, mutu kum'mwera. Masana adokotala anawapeza akuliza mkonono, mapiritsi anabwerera nawo.

Pofika kunyumba ndayeza langa. Nalonso laloza kumpoto. Mawa ndiyese kulikoka, ngati kabatiyi ingalole...