Nsomba za alamu

Lachinayi, ku Nkaya. Lero ndachita manyazi.

Thanki yagalasi imene alamu anandisungitsa, ya nsomba za m'nyanja yamchere zochokera ku Nacala, yayamba kudontha pakona. Ndamatapo sopo ngati mmene timachitira ndi ndowa. Madzi achita thovu, kudontha osaleka. Ndasamutsira nsombazo mumtsuko wa madzi apachitsime, n'kuthiramo mchere wapagolosale. Pofika masana zonse zinali zitayandama chagada.

Ndine yemweyo wolawako yunivesite, amene ndimatcha anthu mbuli akabwera kudzazidabwa.

Mkazi wanga wasuzumira mumtsukomo. "Apulofesa, ndikazinge, kapena achimwene adzazione kaye?"

Ndamukalipira koopsa. Wakazingabe. Ndadya ziwiri osadzutsa mutu.

Alamu afika Loweruka pa sitima, ndipo ine...