Ntombi Sagulitsidwa

Tsangano,
Ntcheu.
11 Ogasiti 2024

Okondedwa achimwene Raymond,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana ku Joniko. Ife kuno tilipo, kungoti chisanu cha chaka chino chatisautsa. Mukudziwa mmene Tsangano amazizirira, m'mawa madzi a m'ndowa amachita kuluma zala. Kalatayi ndapatsira a Mfundo, oyendetsa thiraki aja, akuti akupezani Loweruka. Mudabwa kuti kalata ya chiyani pomwe foni ilipo. Pafoni mumayankhula ndinu, ine ndimangoti "eya achimwene" mpaka mayunitsi kutha. Lero ndikufuna mundimve mpaka kumapeto.

Ndikudziwa kuti munthu uja munamutumiza kuchokera ku Lilongwe kudzagula galimoto ya abambo anakuuzani kuti ndinamubweza. Ndikudziwa chifukwa kuyambira mu Meyi mukaimba mumangofunsa za mankhwala, moni wanga simuyankha bwino. Munapangana ndi munthu, ine ndinakuchititsani manyazi, pepani. Koma iye anakuuzani mbali yake yokha.

Chichitikireni sitiroko ija mu Febuluwale, abambo anali atasiya zonse. Dzanja ndi mwendo wakumanja sizimagwira, pakamwa mawu osatuluka. Kuchipatala anatipatsa mafizo oti tizichita nawo tsiku lililonse, koma ndikawagwira dzanja ankalikoka n'kutembenukira kukhoma. Phala ankadya masipuni atatu basi. Ndinkawatulutsa pakhonde kuti awothere dzuwa, iwo n'kumangoyang'ana pansi tsiku lonse.

Tsiku limenelo wogulayo anabwera ndi lole ndi amuna awiri. Anachotsa lona m'shedi muja, Ntombi, galimoto ija abambo amaitcha mtsikana wawo, n'kuonekera, wachikasu uja, wafumbi, atakhala pamiyala pomwe wakhala zaka khumi ndi zitatu chithereni matayala. Atangomanga tcheni kutsogolo, ndinamva kubuula kumbuyo kwanga. Kucheuka, abambo agwa pampando, atsika khonde ndi mimba, akukwawa ndi chigongono chimodzi kulunjika kushedi. Munthu amene ankakana ngakhale kukweza supuni, achimwene! Milomo ikunjenjemera, malovu akutsika, maso ali pa tcheni.

Ndinauza amuna aja kuti, "Masulani tcheniyo."

Wogula anati, "Mayi, ine ndinapangana ndi mwamuna mnzanga, achimwene anu. Izi si za inu."

Ine ndinati, "Mwini wake ndi awo ali pansiwo. Afunseni nokha."

Wogulayo anawayang'ana abambo, anavula chipewa, anamasula yekha tcheni n'kumapita. Sanali munthu woipa.

Titawabwezera pampando, ndinagwada n'kuwauza kuti, "Abambo, galimoto iyi iyendanso. Koma inunso mudye." Sindikudziwa kuti mawu amenewo anachokera kuti, poti ine ndimadziwa za kachewere ndi kabichi, za galimoto ayi. Madzulo ake anamaliza mbale yonse. Ndiye mukanakhala inu mukanabwerera m'mbuyo?

Ndinatsikira ku Nsipe kukafuna a Chrispine, makaniko amene amakonza malole otinyamulira kachewere. Ndi bambo wa imvi zake, wosachedwa kuseka. Nditawafotokozera kuti ndi galimoto yothamanga, yaifupi, ya zitseko ziwiri, yomwe abambo anayendetsa okha kuchokera ku Joni mu 1994 atagwira ntchito m'galaja zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, anandifunsa kawiri ngati ndikunena zoona kuti ili ku Tsangano. Loweruka lotsatira anakwera ndi pikapu yawo, atanyamula jenereta ndi makina owotcherera. Za zolipira musade nkhawa, kachewere wanga chaka chino wachita bwino.

Injini anaipeza yamoyo. Paja abambo ankailiza Lamlungu lililonse akachoka kutchalitchi, zaka zonsezi, mpaka kudwala kuja. A Chrispine anasintha oyilo, mapulagi, batire ndi mabuleki, inalira tsiku lomwelo. Koma kulira kwake ngati chigayo, utsi kutulukira pansi pa mipando. Atalowa kunsi anatuluka akupukusa mutu. Ekizozi, payipi yotulutsa utsi ija, inali itadyeka ndi dzimbiri, kuigunda ndi sipanala imachita kuyoyoka. Marimu awiri, zitsulo zovekapo matayala zija, anali osweka, matayala ndiye osanena, makoswe anaberekeramo.

Loweruka linalo anabwera ndi marimu anayi aakulu onyezimira, matayala ake opyapyala ngati lamba, akuti ndi omwe achinyamata akuika m'tauni masiku ano. Ine ndinawakonda, ndisaname. Anagubuduza limodzi mpaka pakhonde n'kunena kuti, "A Ngozo, taonani zinthu. Mtsikana wanu atchena."

Abambo analiyang'ana, analigwira ndi dzanja lamanzere, kenako analikankha ndi phazi, linagubuduka mpaka m'maluwa. Analoza kumsewu, n'kumakweza ndi kutsitsa dzanja ngati mafunde. Ine ndinkangoti akwiya. A Chrispine ndi amene anamva. Anaseka mpaka kukhala pansi.

"Achemwali, madalawa akundiphunzitsa ntchito. Akuti miyala ndi maenje a msewu wa kuno, matayala opyapyalawa saona mwezi, rimu ipindika tsiku loyamba. Akufuna rimu yocheperako, tayala lonenepa."

Abambo anagwedeza mutu, n'kutambasula zala zinayi. A Chrispine anati, "Rimu ya mabawuti anayi, ndamva bwana."

Zinatenga masabata atatu kuti apeze zoyenera, anachita kukazitenga ku Limbe. Ndi marimu akuda, olimba, osanyezimira, matayala ake a mapanga akuya. Tsiku lomwe tinachotsa miyala ija, jeki ikutsika pang'onopang'ono, Ntombi n'kuponda dothi ndi mapazi ake, ndinathawira kuseri kwa nkhokwe kukalira. Ndinakumbuka amayi, mmene ankakhalira mmenemo atamanga duku lawo lobiriwira popita ku Ntcheu boma, anthu akuima m'minda kuwayang'ana.

Masabata atatu amenewo abambo sanakhale chabe. M'mawa uliwonse ankaloza kushedi, ine n'kuwauza kuti sindingawanyamule, ngati akufuna ayende. Ndinawaumira mtima, achimwene, mwina mukanandikalipira. Tsiku loyamba anayenda mapazi anayi atandikolekera paphewa. Pofika sabata yachitatu ankafika okha ndi ndodo, n'kukhala pampando pambali pa galimoto, akupukuta chitseko ndi kansanza. Ndinazindikira mochedwa kuti kansanzako akukagwira ndi dzanja lakumanja, lamanzere likungothandizira.

Nkhondo yaikulu inali pa ekizozi. A Chrispine anabweretsa payipi yatsopano ya chitsulo chosachita dzimbiri, yotakasuka kuposa yakale, akuti injini izipuma bwino, ndi sayilensa yake yochepetsa phokoso. Anagwira ntchito kuyambira m'mawa, akupinda, akuyeza, akuwotcherera. Pofika kumatayala akumbuyo anaidutsitsa kunsi kwa chitsulo cholumikiza matayalawo, poti ndiko kosavuta. Abambo anali akusuzumira, ndipo anayamba kumenya ndodo pansi. A Chrispine sanamve chifukwa cha jenereta. Anamenyanso. Kenako ndinangomva mawu omwe ndinali ndisanawamve miyezi isanu:

"Pamwamba!"

Jenereta inazimitsidwa. A Chrispine anatulutsa mutu kunsi kuja, magalasi owotcherera ali pamphumi. "Mwati bwanji, a Ngozo?"

"Pa... pamwamba. Mwala."

Ankatanthauza kuti payipi ikadutsa kunsi, mwala woyamba wa mumsewu uithothola. A Chrispine sanatsutse. Anadula zomwe anawotcherera theka la tsiku n'kuyambiranso, ndipo anabweranso Lamlungu masana kudzamaliza. Atailiza, sinalirenso ngati chigayo. Inalira mozama, mokhuthala, mawu omveka m'chifuwa, aja tinkawamva tili ana galimoto ikadali kuseri kwa phiri n'kuthamangira kukatsegula geti. Abambo anatseka maso akumvetsera, kenako anati, "Eya." Anthu a m'mudzi anadzaza bwalo, ena anachita kuchokera kutsidya kwa malire atamva kulirako.

Tsopano pali zinthu ziwiri zomwe sindinakuuzeni.

Choyamba, ndikuphunzira kuyendetsa. A Chrispine anandiyambitsa ndi pikapu yawo pabwalo la mpira, ndipo ndalembetsa kusukulu yoyendetsa galimoto ku Ntcheu boma, mayeso ndi mu Seputembala. Mapepala a Ntombi nawonso ndikuwayendera. Sabata ziwiri zapitazo ndinalimba mtima, ndinawakweza abambo kuti tizungulire mudzi. Galimoto imeneyi si pikapu, ukangoponda pang'ono imalumpha. Ndinaizimitsa katatu tisanatuluke pabwalo, kachinayi inanyamuka ngati yalumidwa ndi njuchi, n'kukalowa m'khola la mbuzi. Nyali yakumanzere inasweka, ndipo pali potiwizika pomwe mudzapaone. Ndinagwira chiwongolero, kudikira kuti andikalipire. Abambo anali akuseka, achimwene, kuseka ndi mbali imodzi ya pakamwa, misozi ikutsika, mbuzi zikudumpha pa boneti. Atatha anati, "Bwerera. Kilatchi... pang'ono." Tinazungulira mudzi kawiri tsiku limenelo.

Chachiwiri ndi chovuta, ndipo ndazengereza nacho kalata yonseyi. Lachiwiri lapitali m'mawa abambo anagwetsa kapu ya tiyi, pakamwa panapindikanso, kwa kanthawi sanandizindikire. Tinathamangira nawo kuchipatala pa galimoto ya aneba. Pofika masana anali atabwerera mwakale, ndipo anatitulutsa Lachinayi. Adokotala anandiitanira pambali n'kundiuza kuti inali sitiroko ina yaing'ono, kuti mtima wawo watopa, ndipo yaikulu ikhoza kubwera chaka chamawa kapena mwezi wamawa, palibe angadziwe. Munaimba Lachitatu ndili m'khonde la wodi, ndinakuuzani kuti ndili kumsika. Ndikhululukireni. Ndinkaopa kuti munena kuti ndawatopetsa ndi galimoto. Ndadzifunsa ndekha funso limenelo kambirimbiri. Mwina ndi zoona. Koma ndinawaona mu Epulo atayang'ana khoma, ndawaonanso mu Julayi akukangana ndi makaniko, ndipo nditati ndibwerere m'mbuyo ndikhoza kuchitanso chimodzimodzi.

Ndikudziwanso chifukwa chomwe munkafunira kuti galimotoyi ichoke pakhomo, ngakhale munkati n'kufuna kupeza zolipirira chipatala. Ndinali ndi zaka khumi, koma ndikukumbuka tsiku lomwe munaitenga mobisa muli Fomu 3 n'kukafika nayo pamsika, abambo n'kukumenyani ndi lamba pamaso pa anzanu, n'kulumbira kuti simudzagwiranso chiwongolero chake iwo ali moyo. Simunalowemonso, ngakhale kukhala mbali ya wokwera. Tinakula tikuona kuti galimoto ikupukutidwa tsiku lililonse pomwe ife kutigwira pamutu kunali kwa apo ndi apo. Zimenezo sindikuzikana, nanenso zinkandiwawa.

Dzulo ndinawauza kuti ndikakhoza mayeso ndidzawatengera ku Bwanje kukaona azakhali a Eliza, omwe sanaonane nawo zaka zinayi. Ndinkayesa asangalala. Anapukusa mutu. Ndinati, "Simukufuna kupita?" Anati, "Ndikufuna." Kenako analoza mpando wa dalaivala ndi ndodo n'kunena kuti, "Remo." Ndinati, "Achimwene ali ku Joni, abambo." Anati, "Remo. Pa tala." Atatero anayang'ana kumbali.

Sindiwaikira mawu m'kamwa. Sananene kuti pepani, ndipo mwina sadzanena, mukuwadziwa. Ndangokuuzani zomwe ndinamva ndi makutu anga. Zotsalazo mudzawafunse nokha.

Zaka zisanu ndi chimodzi zakwana musanaponde kuno. Musadikire Khirisimasi. Pemphani tchuthi kwa abwana anu, ngakhale cha sabata imodzi, mubwere mvula isanayambe, msewu usanaterere. Ine ndipitiriza kuphunzira, ndipo mukapanda kufika pofika pakati pa Okotobala ndidzawatengera ndekha ku Bwanjeko, chifukwa sindilola kuti ulendo umenewu ulephereke. Koma amene akumufuna pa chiwongolero si ine.

Mundiperekere moni kwa alamu a Regina, muwauze kuti nyemba zawo ndasunga. Mupsompsone Thokozani ndi Ulemu, ndipo ngati n'kotheka mubwere ndi mmodzi, agogo awo amangowadziwira pachithunzi. Zione wanga akupereka moni kwa amalume ake, wakhoza bwino mayeso a teremu ino. A Chrispine akuti ngati kumeneko mungapeze nyali yakumanzere mubwere nayo, kuno yasowa. Abambo ndawauza kuti ndikukulemberani. Ndawafunsa kuti ndilembe chiyani chochokera kwa iwo, aganiza nthawi yaitali, kenako ati, "Afulumire."

Ndine mlongo wanu wokukondani,

Tisungane