Opaleshoni Yopanda Chipsera

Loweruka madzulo, kuno ku Dambe. Kwazizira tsiku lonse, koma mtima wanga uli m'malo.

Papita sabata zitatu chibwerere kuchipatala ku Blantyre. Kwa zaka zambiri chakudya chinkandiima pachifuwa, ngakhale madzi ankabwerera. Madokotala anandigoneka, n'kulowetsa kapaipi ka kamera kudzera pakamwa, n'kumasula pamene panathina kummero. Sanandicheke khungu pena paliponse.

Masana anabwera azakhali kudzandizonda. Anandikokera kuchipinda, ati ndivule bulauzi aone bala. Anafufuza pamimba, anafufuza pakhosi, kenako anagwira pakamwa.

"Opaleshoni yanji yopanda ulusi? Akupusitsa eti, mwanawe? Tiye tibwerere kwa asing'anga."

Ndinakatenga mbale ya chakudya changa. Ndinasenda mbatata ya kachewere yophika, ndinatafuna bwinobwino monga anandiuzira adokotala, n'kumeza. Kapu ya madzi inali pambali, sindinaikhudze. Ndinatenga yachiwiri. Azakhali maso ali pakhosi panga, kudikira kuti ibwerere.

Sinabwerere. Chilungulira chimandivutako usiku, ndikawauza adokotala ndikapitanso kuchipatala, koma mantha ndilibe.

Potsanzika azakhali anafunsanso, "Nanga abale ndikawauze kuti chipsera chili pati?"

Ndinangowapatsira mbale ija, mulibe kanthu.