Musanandipatse Mwana Wanu

Leimatu'a,
Vava'u,
Tonga.
14 Okutobala 2019

Okondedwa achemwali anga a Tapaita,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana kumeneko ku Auckland. Kuno tilipo. Bondo la amayi likuvutabe, koma pakamwa pokha mpabwinobwino monga mukuwadziwira. Katoni ya zovala ija inafika, zikomo kwambiri, ngakhale nsapato za Peni munagula ngati za mwana wasukulu. Mwaiwala kuti mwamuna wangayu ali ndi phazi ngati nkhafi?

Ndikanatha kukuimbirani foni, koma pano ndikangoigwira amayi amabwera kudzakhala pambali panga, akuti akufuna kamphepo. Komanso zimene ndikufuna kunenazi sizingatuluke pakamwa panga. Ngakhale panopa ndikulemba nkhope ikutentha.

Ndikudziwa kuti amayi anakupemphani kuti mwana amene mukuyembekezerayo akadzabadwa mudzandipatse ine ndilere, monga mmene agogo anaperekera amalume a Sitani kwa mkulu wawo. Ndamvanso kuti simunakane. Achemwali, mwanayo ndikumufuna, moti ndayamba kale kumulukira kamkeka mobisa. Koma amayi anakuuzani kuti ndine wosabereka, ndipo zimenezo si zoona. Sindikufuna kuti mupereke mwana wanu pomvera chisoni matenda amene ndilibe.

Zoona zake nzakuti ine ndi Peni sitinakhalepo malo amodzi chikwatiraneni. Werenganinso ngati mukufuna, sindinalakwitse kulemba. Nsalu yoyera ija imene azakhali a Peni, a Hulita, anadzaitenga titangokwatirana, imene inachititsa kuti kwawo aphe nkhumba kuthokoza amayi kuti anasunga bwino mwana, magazi ake anali a pachala cha Peni. Tinayesapo kangapo chaka choyamba. Iye akangondiyandikira mwa njira imeneyo thupi langa linkauma gwa, mtima nkumangofuna kuthawa, ndipo ankasiya yekha. Kugwirana manja ndimakonda, kutsamira paphewa pake ndimakonda. Zinazo ayi, ndipo sindinazifunepo kwa munthu aliyense chibadwire.

Mukukumbukira tili atsikana, mmene inu ndi anzanu munkafera anyamata osewera mpira aja akavula malaya? Ine ndinkaseka nawo kuti ndisaoneke wotsalira, koma ndinkangoona anthu a thukuta ofunika kukasamba. Ndinkaganiza kuti nonsenu mukuchita kukokomeza, ndipo ndinkadikira kuti tsiku lina nanenso zindifikira. Sizinafike.

Apa ndi pamene manyazi anga agona. Tsiku limene amayi anakumetani tsitsi pakhonde atadziwa kuti muli ndi mimba ya mwana wanu Lopeti, anandikoka dzanja nkundiimika patsogolo panu. "Taona mng'ono wakoyu! Anabadwa m'mimba yomweyi, bwanji iye akutha kudzigwira?" Kuyambira pamenepo ndinasanduka chikwapu chokwapulira atsikana a mudzi uno. Abusa ankanditchula pa guwa, amayi a mumpingo ankandituma kukalangiza ana awo. Ine ndinkangowerama, anthu nkumati taonani kudzichepetsa. Achemwali, panalibe chimene ndinkadzigwira. Ankanditamanda posala chakudya chimene sindinkachimvera njala, pamene inu munakwezedwa ndege ndi mpango kumutu. Ndikakumbukira ndimafuna kulowa pansi.

Tsono chikwapu chatembenukira mwini wake. Ino ndi nyengo ya maluwa a vanila, ndipo mmawa uliwonse timakhala m'munda mwa a Hulita kukwatitsa maluwawo ndi tizitsotso, monga mukudziwira kuti paokha sabereka. Azimayi amene timagwira nawo ntchito pakamwa sapuma, ndipo tsiku lina mmodzi anandiyamba.

"Iwe Siutiti, manja akowo ngodala bwanji! Duwa lililonse ukalikwatitsa limabereka. Nanga kunyumbako zikukanika pati?"

"Mumusiye mwana," anatero mayi wina. "Mwina kachitsotso ka Peni kanathyoka."

"Kathyoke bwanji chimunthu chonse chija? Ndi kava amamwa ndi anzake uja, amabwera miyendo ili lende, kungofikira mkonono!"

Onse anafa nacho chiseko, inenso ndinaseka nawo, mano okha. A Hulita sanaseke. Mukuwadziwa, mawu a azakhali kwa ana a mchimwene wawo ndi lamulo. Mawa lake anandikweza galimoto mpaka kuchipatala ku Neiafu, iwo nkukhala pabenchi panja chikwama chili pamiyendo.

Namwino amene ndinamupeza anali mayi wachikulire wosadziwa kuzungulira. Atatseka chitseko anandifunsa kuti, "Bambo kunyumba mumakhala nawo malo amodzi kangati pa sabata?"

Ndinayang'ana zala zanga zakuphazi.

"Pa mwezi?"

Ndinapukusa mutu. Anaika cholembera pansi.

"Alipo anakuchitani chipongwe muli mwana?"

"Ayi."

"Munalumbira kwa Mulungu? Kapena pali wina amene mtima uli kwa iye, kaya mwamuna kaya mkazi? Nenani, makoma ano amva zambiri."

"Palibe, mayi. Mwamuna wanga ndimamukonda. Kungoti chimene anzanga amachimva ine sindichimva."

Ndinkayembekezera kuti andiseka kapena andilalatira, koma anangoti, "Mwana wanga, pali anthu amene njala ali nayo koma amasala mwadala, ngati masisitere aja. Pali ena amene anapwetekedwa, ndiye akangoganiza amachita nseru, amenewo timawathandiza. Ndiye palinso ena amene anangobadwa opanda njalayo. Siinu woyamba kukhala pampando umenewo. Ngati simukumva kuwawa paliponse, ine jakisoni wake ndilibe, chifukwa si matenda." Anatchula dzina lake la Chingerezi, koma makutu anga anali atatseka ndi manyazi. Ndinalira ngati mwana, mwina chifukwa chomva kuti tilipo angapo.

Titatuluka a Hulita anaimirira. "Mwapeza chiyani?"

"Za wodwala ndi za wodwala, mayi," anatero namwino uja, nkuitana wotsatira.

A Hulita ataona maso anga ofiira anamaliza okha nkhani kuti mimba yanga ndi youma. Anakauza amayi, amayi nkukuimbirani inu. Ine ndinali pomwepo, ndipo sindinatsutse, chifukwa kutchedwa wosabereka kunandipepukira kusiyana ndi kufotokoza.

Za Peni ndiyeneranso kukuuzani zonse, popeza ndiye angakhale bambo wa mwanayo. Iye si ngati ine. Thupi lake limafuna, ndipo akuvutika. Masiku ena amakwiya popanda chifukwa chooneka, nkupita kumunda wa zilazi kukagona m'chisakasa. Atamva zimene akundinena, anakauza amuna anzake kokumwa kava kuti vuto ndi lake, akuti anadwala ali mnyamata. Pano akumuseka mpaka ana a m'kwaya. Ndinamuuza kuti, "Peni, ndisiye. Kapeze mkazi weniweni, sindidzakusungira chakukhosi."

Iye anati, "Sindinganame, Siu, zimandiwawa. Masiku ena ndimakuyang'ana nkumadzifunsa ngati ndine wonyansa."

"Si iwe."

"Ndikudziwa kuti si ine. Mutu ukudziwa, koma thupi silimva Chitonga." Anaseka pang'ono. "Nanga ndikapita kwina, ndani azindiuza kuti ndikuimba mosemphana ndi anzanga? Lero ndilipo. Za zaka zakutsogolo sindingalumbire."

Ndi mmene nyumba yathu ilili, achemwali. Muli chikondi, muli chakudya, simumveka kutukwana, koma sindingakulonjezeni kuti idzaima mpaka mwanayo atakula. Peni akudziwa kuti ndikukulemberani. Anati ndi bwino, mayi wa mwana asapereke ali m'chimbulimbuli.

Pempho langa ndi ili. Ganizani bwino pamodzi ndi alamu. Mukaona kuti simungapereke mwana wanu kwa munthu wonga ine, kapena kwa munthu amene anaima chete tsitsi lanu likugwa pansi, muuze amayi chifukwa china chilichonse, ine ndidzakuikirani kumbuyo. Chonde zenizenizi musawauze. Ndidzawauza ndekha ndikapeza mphamvu, ngakhale sindikudziwa kuti munthu amayamba bwanji kuuza mayi ake kuti mwana amene ankanyadira uja sanapambane mayeso, kungoti sanalembe nawo.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti kava wawo ndidzatumiza ndi munthu woyamba kubwera kumeneko. Moni kwa Lopeti, ndamva kuti watalika kuposa inu, asaiwale kulankhula kwathu. Moni kwa Meleane ndi mano ake ogweluka aja. Amayi akupereka moni, akuti muzivala zofunda. Peni nayenso akuti moni.

Kwa wam'mimbayo ndasowa kuti ndinene bwanji. Ikani dzanja pamimba panu mumuuze kuti amayi ake aang'ono akumupatsa moni. Dzina limenelo lokha ndi langa kale, palibe angandilande. Linalo lili m'manja mwanu, ndipo sindidzakufunsaninso.

Ndine mng'ono wanu,
Siutiti