Atate a Kalaluka, Phukusi la Amai Sitinalimasule

BONAVENTURE KALALUKA
1964 – 2021

Atate, zakwana zaka zinayi chichokereni inu. Zaka zapitazi tinkalemba mawu ochepa pansi pa chithunzi chanuchi, kuti tikukusowani, basi. Chaka chino ine Vivian, mwana wanu woyamba, ndauza mlongo wanga Jerry kuti tikuuzeni zonse, chifukwa kunyumba sikuli bwino. Amai akudwala, ndipo matenda ake ndi omwe aja anakutengani inu.

Anthu a kuno kwa Ndake amakukumbukani kuti ndinu munthu wamtali uja wa mtundu wa Alozi amene boma linamutumiza kuno, nakwatira Bernadette wawo, amai athu, n'kufika pochita imvi Chinsenga chake chikadali chopotoka. Ife timakumbukira kachipinda kanu kotsukira zitsulo kuchipatala. Tikakubweretserani chakudya tinkaima pazenera, popeza pakhomo paja simunkalola munthu, ngakhale amai. Tinkakuonani mukukwecha zopanira ndi zozulira mano ndi kaburashi, mpaka m'mfundo momwe magazi amabisala. Mukatsukuluza n'kuumitsa, sizasi iliyonse munkaigoneka yoyasama, mukuti nthunzi siilowa pamene patsekedwa. Kenako munkakulunga zonse m'nsalu zobiriwira, n'kumata tepi, n'kuyala maphukusiwo motalikiranitsa mu otokilevu yophera tizilombo ndi nthunzi, imene inu munkangoitcha mphika wanga. Musanayatse munkaona kaye madzi ndi mphira wa pachitseko. Mphikawo ukamaliza simunkautsegula msanga, mukuti nthunzi siidziwa kuti ndinu a Kalaluka. Phukusi likatuluka lonyowa munkayambiranso, anthu adandaule kapena asadandaule.

Kunyumba munkatitopetsa, tisakunamizeni. Sizasi ya amai yosokera inkakhala yoyasama patebulo ngati ikufuna kuluma munthu, ndipo amai akaitseka inu munkadutsa mwakachetechete n'kuitsegulanso. Mbale yonyowa sinkalowa m'kabati. Koma lamulo lanu lalikulu linali lakuti mpeni suponyedwa m'madzi a thovu momwe diso silikuona pansi. Jerry mpaka lero amati khutu lake lakumanzere linatalika chifukwa cha lamulo limenelo, ndipo akanena zimenezi timaseka pang'ono.

Ndiye mumvetse mkwiyo wanga. Tsiku lija wina anasiya kampeni kochitira opaleshoni m'beseni la thovu, ndipo inu, eni ake lamulo, munapisamo dzanja chifukwa panja anthu a mano anali ndandanda atagwira masaya. Kampeniko kanaboola golovesi. Munabwera kunyumba chala chili chomanga, mukuseka, n'kudya bwinobwino. Amene anaponya kampeniko simunamutchule dzina mpaka tsiku lomwe tinakutsekani maso. Patapita zaka maso anu anachita chikasu, mimba inatupa, ndipo madokotala anati matenda amene analowera pabala lija atha chiwindi. Ndakhala ndikukukwiyirani zaka zinayi zonsezi, Atate, ndipo sindinaleke. Ndimakukondani, koma sindinaleke.

Matendawo munawasiyiranso amai osadziwa. Chaka chatha, nthawi yothyola thonje, anayamba kumakhala pansi pakati pa mzere, amai amene sankadziwa kupuma. Adokotala ku Petauke anati m'mimba mwadzaza madzi, ayenera kugonekedwa kuti awachotse madziwo n'kuwayambitsa mankhwala. Amai anakanitsitsa. Anati thupi lawo silikhudzidwa ndi chitsulo chimene inu simunatsuke. Abusa anabwera kudzawanyengerera, amai anawaphikira tiyi n'kuwaperekeza. Jerry anawakumbutsa za tepi ija, kuti mizere yake ikada ndiye kuti phukusi ladutsa m'nthunzi. Amai anamuyankha ndi mawu anu omwe, akuti tepi imangonena kuti moto wadutsa, siinena ngati wotsukayo anatsegula sizasi. Munawaphunzitsa mopitirira, Atate, ndipo miyezi imene anakhala akukana ndi yomwe madokotala akuti ikanawathandiza.

Mwezi watha, ataona kuti chitenje chakana kuzungulira m'chiuno, anavomera kuti tikwere basi. Titafika sanalole kulowa mu wodi. Anati tiwaperekeze kaye kumene amatsuka zitsulo. Kumeneko ogwira ntchito anatibweza pakhomo, monga mukanachitira inu, ndipo ndinaona amai akugwedeza mutu mokhutira. Anakaima pazenera atatsamira phewa la Jerry. M'katimo munali mai wina, amene tinamva kuti dzina lake ndi Immaculate, atawerama pabeseni akukwecha ndi kaburashi. Madzi ake anali oti pansi pakuoneka. Pathireyi panali sizasi zingapo, zonse zoyasama. Maiyo sanadziwe n'komwe kuti akuyesedwa. Amai anayang'ana nthawi yaitali, kenako anati tibwerere kunyumba akalongedze, abweranso Lolemba.

Lamulungu titaweruka kutchalitchi amai anatenga sizasi yawo yosokera, yomwe ija munkalimbirana. Anaitsuka ndi kaburashi, anaiumitsa padzuwa, n'kuikulunga yoyasama m'nsalu yanu yakale yobiriwira yong'ambika pakona. Mapindidwe anali anu enieni, moti ndinatuluka panja kuti asandione nkhope. Atamaliza anandipatsa phukusilo. Sananene kuti andipatsiratu kapena ndingowasungira, ndipo ine sindinafunse chifukwa ndinaopa yankho.

Pamene tikulemba pano ali mu wodi ku Petauke. Madzi anawachotsa, koma akubwereranso, ndipo madokotala akatiyankha amayang'ana pansi. Jerry wasiya munda m'manja mwa anthu, amakhala pakhonde la chipatala. Amai akakhala ndi mphamvu amatitumiza kukapereka moni kwa amai Immaculate, ndipo amafunsa ngati thonje linagulitsidwa. Za inu sanena zambiri. Amangoti munali wouma mutu, kenako n'kutembenukira kukhoma.

Happiness, mdzukulu wanu amene munamusiya akukwawa, tsopano amalankhula zonse. Tsiku ndi tsiku amaloza pamwamba pa kabati n'kufunsa kuti m'nsalu yobiriwirayo muli chiyani, ndipo akufuna timutsegulire. Timamuuza zimene munkatiuza inu pazenera paja, kuti phukusi silimasulidwa wolifuna asanafike. Ndiye lili pomwepo, Atate, likudikira amai. Diresi langa latchalitchi linasomoka m'mphepete, koma ndikuvala choncho. Ngati kumene muliko mumamva, musawaitane msanga. Inuyo munkadziwa kudikira mphika wanu, dikiraninso pano.

Ife ana anu Vivian ndi Jerry, mdzukulu wanu Happiness, ndi amai ali pabedipo, sitidzakuiwalani.